Funsani Mkulu wa Pamsewu: za malole akale, tiyi wa m'bandakucha ndi msewu wa ku Tete

Mwezi watha ndinangotchulako pang'ono za lole imene ndinaphunzirira ntchito, osadziwa kuti ndaputa mavu. Makalata abwera ochuluka moti mdzukulu wanga amene amandiwerengera za pa foni wayamba kundilipiritsa mayunitsi. Ndasankhapo ochepa. Amene simuona funso lanu musakwiye, tikumana kutsogoloku.

FUNSO: Agogo, m'sutikesi ya malemu agogo anga aamuna tapezamo chithunzi. Aima pambali pa lole ya mphuno yaitali, ndipo pamphunopo pali kachizindikiro ka chinyama chamapiko chonyamula mbendera. Kuseri kwa chithunzicho analembako 1972. Ndi lole yanji imeneyi? Mdzukulu, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mdzukulu wanga, imeneyo ndi Bedford, chithunzicho sindikufunikanso kuchiona. Chinyama chamapikocho ndi chizindikiro cha kampani ya Vauxhall ya ku Luton, ku England, ndipo malolewo ankawapangira ku Dunstable, pafupi pomwepo. Ya mphuno yaitaliyo inatuluka mu 1958. Mabuku amaitcha TJ, koma ife tinkangoti J5 kapena J6 malinga ndi kukula kwake. Inali ndi mng'ono wake wopanda mphuno, TK, amene dalaivala ankakhala kutsogolo kwenikweni ngati ali pakhonde. Amakaniko ankamuda TK chifukwa injini yake inabisala kuseri kwa mpando, ndipo kuti uifikire unkatsegula tizitseko ta m'mbali n'kulowetsamo mutu ngati ukukumba mbewa. Ya agogo anuyo unkangotukula boneti, n'kukhala pa madigadi miyendo ili m'kati, zonse zili poyera.

Ine ndinayamba ntchito pa Bedford mu 1969, kwa bwana wina wa ku Limbe amene anali ndi malole atatu. Nthawi imeneyo tinali tikuwerengabe masheleni. Kwacha inadzabwera mu 1971, chaka chomwenso ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Katundu wathu ankatsata nyengo: mabelo a fodya opita ku okushoni ku Limbe, thonje la ku Chigwa cha Shire, mtedza ndi chimanga cha m'misika ya kumidzi. Chaka chimene chili pa chithunzi chanucho Lilongwe inali ikumangidwa, likulu lisanachoke ku Zomba mu 1975, ndipo malole ambiri ankalowera kumeneko ndi simenti, malata ndi mafelemu. Msewu wa tala unali wodzera ku Zomba, kutsikira ku Liwonde, kuwoloka Shire pa baraji, kenako Balaka, Ntcheu, Dedza. Tala ya pa Zalewa imene mumathamangapo leroyi ndi ya pambuyo pake.

Koma tisakunamizeni ife okalamba tikamaitama. Inali lole yolimba, inde, komanso yozunza. Chiwongolero chinalibe chothandizira, moti ukafuna kukhota lole itaima ndi katundu unkachita kunyamuka pampando n'kukoka ndi thupi lonse. Potsitsa giya unkaponda kilatchi kawiri, pakatipo n'kupatsako moto pang'ono, ndipo ukaphonya giyayo inkakukuta mano mpaka amayi a tomato m'mbali mwa msewu kukuseka. Pokwera chitunda cha ku Chikwawa, kuchoka pa Thabwa, munthu wapansi wachangu ankatha kukupitirira, kukupatsa moni, n'kukakudikira pamwamba. Ubwino wake unali wakuti ikadwala, matenda ake ankaoneka ndi maso. Sipana zinayi, pulayala, waya ndi chidutswa cha chubu, basi mwadzuka. Za masiku anozi zikangotsokomola mpaka aitane mnyamata wa laputopu.

Eni ake, a General Motors, anasiya kupanga malole akuluakulu a Bedford mu 1986. Kampani ina yotchedwa AWD inatenga fakitaleyo n'kupitiriza zaka zochepa, kenako zii. Chithunzicho muchichotse m'sutikesi muchiike m'felemu, njenjete sizidziwa Bedford.

FUNSO: Achimwene, ndawerenga zanu za mwezi watha ndipo mtima wandipweteka. Mwalemba ngati lole inkayenda ndi dalaivala yekha. Ine ndinakhala mnyamata wa pa lole zaka 11, chiwongolero sindinachigwirepo. Amene ankagona pansi pa lole m'matope ndani? Mnzanu wakale, Luchenza

YANKHO: Achimwene, mwandigwira pakhosi ndipo sindikana. Munali inu. Dalaivala akadali m'bulangete, mnyamata anali atadzuka kale kuona madzi ndi oyilo, kugogoda matayala ndi sipana kuti amve limene laphwa, kukoka zingwe za lona mpaka zikhato kuchita matuza. Tayala likaphulika, wolowa pansi ndi jeke anali iye, wopopa ndi pampu ya manja analinso iye, dalaivala ali pamthunzi kulamula.

Ndiye panali mwala. Ana a lero sangaumvetse. Lole iliyonse inkayenda ndi mwala wake kapena chipika, ndipo malo ake anali pamapazi a mnyamata. Injini ikayamba kutha mphamvu pachitunda, dalaivala ankangokuwa kuti "Mwala!" Pamenepo mnyamata ankadumpha lole ikuyendabe, kuthamangira kumbuyo, n'kuponyera mwalawo kuseri kwa tayala isanayambe kubwerera. Akachedwa pang'ono, katundu, dalaivala ndi iye yemwe onse ali kuphompho. Ndinaugwira mwala umenewo zaka 5 ndisanapeze laisensi mu 1974, ndipo chala changa chapakati cha kumanja sichipinda mpaka lero.

Munthu angaganize kuti nditakhala dalaivala ndinakumbukira kumene ndinachoka. Ayi ndithu. Usiku wina wa mu Juni tikupita ku Lilongwe, pa Lizulu ndinapeza anthu awiri a matola, ochita geni ya kachewere. Ndalama ya matola inkalowa m'thumba mwa dalaivala, bwana osadziwa. Ndinauza mnyamata wanga, kamwana ka ku Mulanje ka zaka 17, kuti akwere pamwamba pa matumba awapatse malo alendowo. Amene anagonapo ku Bembeke mwezi umenewo akudziwa chimene ndikunena. Titaima pa Dedza ndinamuitana, osayankha. Ndinakwera n'kumupeza atadzikulunga kumphepete kwa lona, mano akugundana, zala zitauma moti chingwe chotsikira sanathe kuchigwira. Ndinachita kumubereka. Mayi wa pa tiyirumu ndiye anamukhazika pamoto n'kumamumwetsa tiyi ndi supuni ngati khanda. Atatha anatembenukira kwa ine, madalaivala anzanga ali pomwepo, nati: "Bambo inu, mwana wa eniyu akanapita, mayi wake mukanakawauza chiyani?" Usiku umenewo tiyi anakana kundigulitsa.

Ndalama ya matolayo sikanagula n'komwe bulangete. Mnyamatayo ndinadzamuphunzitsa kuyendetsa, mwina pofuna kufufuta manyazi, koma ambiri anathera pamene munathera inupo, chifukwa dalaivala ankaopa kuti akakuphunzitsa umulanda mpando. Mukadzabwera kuno, achimwene, tiyi ndi wanga, ndipo mukhala kutsogolo.

FUNSO: Bambo, mayi anga anali ndi tiyirumu pa Balaka ine ndili mwana, ndipo tonse asanu tinaphunzira ndi ndalama ya tiyi. Ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndikufuna kutsegula yanga m'mbali mwa M1. Kodi madalaivala ankafuna chiyani kwenikweni, nanga matiyirumu aja anathera kuti? Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, ngati inali pa Balaka ndiye kuti tiyi wa mayi anu ndinamwapo, chifukwa panalibe khomo la tiyi pamenepo limene sindinapondepo. Ndikatsinzina ndimaionabe: katani pakhomo, benchi yogwedera, tebulo loyalidwa pulasitiki ya maluwa, koloboyi ikufuka pakona, kuseri ketulo yakuda bii ili pamafuwa. Kapu ankaikhazika m'mbale, n'kumathira tiyi kudzera mu sefa mpaka asefukire m'mbalemo. Tiyi wosasefukira ankaoneka ngati wa munthu womana. Unkayamba kumwa wa m'mbale, woziziririrako, kenako wa m'kapu. Shuga ankathira ngati ali ndi msuweni ku Nchalo, ndipo pambali pankakhala sikono ziwiri kapena buledi wodula mochindikala, wopaka majarini mbali imodzi.

Koma tiyi yekha sakanatiimitsa pamalo amodzimodzi zaka zonsezo. Tinkafuna moto woyaka nthawi imene tambala woyamba akulira, pamene ena onse atseka. Tinkafuna madzi ofunda ndi kasopo kochotsera gilizi m'manja, chigubu cha madzi a mu rediyeta, ndi munthu woyang'anako lole iwe ukaponya tulo pang'ono pabenchi. Panalinso kabuku. Pakati pa mwezi dalaivala sankakhala ndi kanthu, ndiye mayi ankangolemba, iwe n'kudzabweza pobwerera. Wothawa ngongole ya tiyi mbiri yake inkafika ku Kasungu iye asanafike.

Chachikulu, tiyirumu inali positi ofesi yathu. Mafoni kunalibe, wailesi inali MBC yokha. Ukafika mayi ankayamba ndi uthenga: mnzanu wa lole yobiriwira wafera pafupi ndi Ntcheu, akuti mumutengereko belt ya fani, mtsinje wakuti wadzaza, musapite usiku uno, apolisi ali pamphambano. Ine za kubadwa kwa mwana wanga woyamba ndinazimvera pa benchi ya tiyirumu, sikono ili kukamwa. Mayi anaika ketulo pansi n'kunena kuti, "Akazi anu achira dzulo, ndi wamwamuna." Uthengawo unadutsa m'kamwa mwa madalaivala atatu kuchoka ku Limbe, ndipo unafika wathunthu. Nafenso sitinkabwera manja lendelende. Thumba la shuga la mayi, mtolo wa nkhuni, mwana wopita ku sekondale ndi sutikesi yake, zonsezo zinkakwera ulere. Mwina inuyo munakwerapo.

Anathera kuti? Lole yakale inkatopa ngati munthu. Pakapita maola awiri kapena atatu inkafuna kupuma kuti izizire, ndiye paliponse pamene inkapumira pankamera tiyirumu. Thiraki ya lero imachoka ku Blantyre n'kukafika ku Kanengo osapempha madzi. Ili ndi bedi, dalaivala ali ndi fulasiki ndi kambaula kake, ndipo akangoima mphindi khumi pamalo osayenera bwana waona kale pa kompyuta, foni ikulira. Uthenga uli m'thumba mwake. Njala ikamupweteka pali chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, amadya chiimire. Komanso msewu ukasamuka umasamuka ndi makasitomala ake, monga anaonera a njira ya ku Zomba malole a ku Lilongwe atayamba kudzera pa Zalewa. Matiyirumu enieniwo sanafe, analowa m'misika. Amene akumwamo lero ndi akabaza, mavenda ndi aganyu.

Ndiye langizo langa ndi ili. Musamange pamene pakukomerani inu, mumange pamene thiraki imakakamizika kuima: pafupi ndi sikelo yoyezera mathiraki, pa chipata cha dziko monga Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, kapena pamene madalaivala amadikira kutsitsa katundu. Muonetsetse kuti bwalo ndi lolimba, thiraki yolemera singatitimire nthawi ya dzinja. Chimbudzi chaukhondo ndi madzi osamba zidzakubweretserani anthu kuposa chikwangwani. Pakhale potchajira foni, pakhale nsima ya nkhuku ya lokolo, ndipo kapu izisefukira. Kabuku ka ngongole kakhale kowonda, madalaivala a lero sabwerera njira imodzi.

Ndinenenso ichi, poti ndinu mayi wamkulu. Sizonse za m'malo oimamo zinali tiyi. Kuseri kwa matiyirumu ena kunali tizipinda, ndipo Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985 inadzayenda ndi ife msewu womwewo. Anzanga amene ndinawaika m'manda m'zaka za m'ma 1990, ambiri sanafe ndi ngozi. Yanuyo ikhale ya tiyi.

FUNSO: Agogo, n'zoona kuti munkathira dzira mu rediyeta, kapena ndi nkhambakamwa za pa bawo? Wophunzira umakaniko, Mzuzu

YANKHO: N'zoona mwana wanga, koma usakalembe pa mayeso. Rediyeta ikaboola kabowo kakang'ono uli pakati pa tchire, unkaswa dzira laiwisi n'kuthiramo choyera chake. Madzi otentha ankachiphika, mphamvu ya madziwo n'kuchikankhira pabowopo, kudontha n'kuleka. Ena ankathira kaufa ka mgaiwa. Thanki ya petulo ikamadontha tinkamata ndi sopo wa mtanda, chifukwa petulo sasungunula sopo. Belt ya fani ikaduka, chingwe cha khonje chinkakufikitsa pamudzi wapafupi.

Zonsezi ndi zokufikitsa ku galaja basi. Dzira lomwelo limatsekanso timipaipi tabwinobwino, ndipo ukachita ulesi osatsuka rediyetayo, sabata yamawa injini iwira. Chimene ndikufuna utengepo ndi china: rediyeta yowira usaitsegule, ngakhale bwana akukalipa chotani. Ndili ndi chipsera kuchoka pachigongono mpaka padzanja, ndinachipeza pa chitunda cha Kasupe, kumene lero mukuti Machinga.

FUNSO: Bambo anga amakonda kunena kuti "nthawi ya UTM tinkayenda bwino", ine n'kumayesa akunena chipani. Kodi inali kampani ya malole? Mtsikana wa ku Ndirande

YANKHO: Ndaseka mpaka kutsokomola. Ayi mwanawe, bambo akowo sakunena ndale. Akunena United Transport Malawi, kampani ya mabasi imene inkayenda dziko lonse. Kungoti basi ya nthawiyo inkanyamula ngati lole: pamwamba njinga, matumba a chimanga, mitolo ya mphasa ndi madengu a nkhuku, kondakitala akukwera makwerero a kumbuyo ngati nyani. Mu 1989 inagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, ndipo a ku Blantyre akukumbuka mabasi osanja amene ana ankalimbirana kukhala pamwamba. Mu 1997 a Stagecoach anachoka, dzina n'kukhala Shire Bus Lines, nayonso inadzatha maminibasi atadzaza misewu.

Ife a malole tinkadya pamene basi yalephera. Kumidzi kumene inkafika kamodzi patsiku, kapena mvula ikadula msewu, wodwala, wamaliro ndi mwana wasukulu onse ankaimika lole. Bambo akowo uwafunse ngati sanakwerepo pamwamba pa matumba, uone ngati sasintha nkhani.

FUNSO: Bambo, ndine dalaivala wa thiraki, ndimayenda pakati pa Johannesburg ndi Blantyre kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Bambo anga anayenda msewu womwewu nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, koma mpaka kumwalira sanafune kukambapo. Kunkachitika zotani? Mwana wa dalaivala, Johannesburg

YANKHO: Mwana wanga, kalata yako ndaisunga masiku anayi ndisanaiyankhe.

Ndiyambe ndi chimene chinatipititsa kumeneko. Kale katundu wambiri wa dziko lino ankayenda pa sitima, kupita ku madoko a Beira ndi Nacala. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, njanji zonse ziwiri zinaonongedwa, ndipo pofika 1984 zinali zitatsekeka. Fodya, tiyi ndi shuga zinayenera kupita ku Durban pa matayala, feteleza ndi katundu wa m'masitolo kubweranso pa matayala. Njira yachidule inali yodula pakati pa chigawo cha Tete, kuchoka pa Zobue kukafika pa Nyamapanda, makilomita oposa 250. Iwe lero umawadutsa ukumvera nyimbo. Ife tinkawadutsa pa mdipiti, asilikali a Zimbabwe ali kutsogolo, pakati ndi kumbuyo m'magalimoto ankhondo.

Nthawi imeneyo Bedford ndinali nditaisiya, ndikuyendetsa Mercedes yokoka ngolo. Tinkagona pa chipata kudikira tsiku la mdipiti, nthawi zina masiku angapo, tikuphika limodzi pansi pa mathiraki. Pamenepo panalibe Mmalawi, Mzimbabwe kapena Mzambia, mphika unali umodzi. M'mawa asilikali ankatiuza malamulo omwe aja: tsata matayala a mnzako, usasiye mpata waukulu, usaime, ndipo ukafuna kutaya madzi usatsike patala chifukwa m'mbali muli mabomba okwirira. Msewu unali maenje okhaokha. M'mbali munali mafupa a mathiraki opsa, ena akale ochita dzimbiri, ena akununkhabe matayala. Ku Tete kumatentha moti chitsulo cha chitseko sichigwirika, koma ambiri tinkayenda titatseka mawindo, ngati galasi lingaletse chipolopolo. Pa mlatho wa Zambezi, wolendewera pa zingwe uja, tinkawoloka pang'onopang'ono, ndipo ana ankathamangira mathiraki kupempha buledi. Tinkagula wambiri dala kuti tiziwaponyera.

Tsiku lina, titapitirira Moatize kulowera ku Zobue, kutsogolo kunamveka kuphulika, kenako mfuti. Mdipiti wonse unaima. Ine ndi mnyamata wanga tinagona pansi pa thiraki, kuseri kwa matayala, nkhope zili patala yotentha. Chimene ndimakumbuka kwambiri si mfutizo ayi, ndi nyerere zimene zinkayenda pamkono panga zitanyamula kanyenyeswa, ngati palibe chikuchitika. Kutakhala bata asilikali anabwera akumenya zitseko kuti tiyeni, tiyeni. Titayenda pang'ono tinadutsa thiraki ikuyaka, chitseko chili chotsegula. Ndinaidziwa. Mwini wake tinadya naye nsima dzulo lake, anandibwereka mchere. Sindinaime. Panalibe amene anaima, lamulo linali lomwelo, ndipo ukanaima ukanaphetsa onse a kumbuyo kwako. Koma mtima sumva za lamulo. Ndikuganiza kuti bambo ako anali ndi thiraki yawo imene anaidutsa, ndipo munthu zoterezi sauza mwana wake pa nsima.

Bwanji sitinakane? Ena anakana, ndipo sindiwanyoza. Ambiri tinali ndi ana kusukulu, ndipo ulendo wa ku Tete unali ndi kandalama kapadera. Kumapeto kwa 1990 kunachitika mgwirizano wakuti asilikali a Zimbabwe azingolondera njira za Beira ndi Limpopo, ndiye ambiri tinayamba kuzungulira: Mchinji, Chipata, kuwoloka Luangwa, Lusaka, Chirundu, kenako Harare. Ena anatembenukira kumpoto, kutsika Chiweta, kutuluka pa Songwe mpaka ku Mbeya ndi Dar es Salaam. Mtunda wonsewo ankaulipira ndi mayi wogula sopo kumudzi. Mtendere anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, chaka cha chilala chija, ife tili kalikiliki kututa chimanga chachikasu. Nthawi imeneyo m'dziko muno munali anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ufa ndi nyemba zawo zinkafikanso pa malole.

Iwe umawolokera pa mlatho watsopano wa mu 2014, sudziwa za kudikira. Ukadzadutsa pakati pa Moatize ndi Zobue ulizeko hutala kamodzi. Ine ndinkatero mpaka tsiku limene ndinabweza makiyi.

FUNSO: Agogo, malume anatisiyira Bedford imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zoposa 20. Nkhuku zimaikiramo mazira. Ogula zitsulo akutivutitsa tsiku ndi tsiku. Tigulitse kapena tiikonze? Wa ku Kasungu

YANKHO: Musanagwire sipana, khalani pansi ndi ana a malumewo ndi akuluakulu a pabanja. Lole yakufa imadzutsa milandu yamoyo, ndinaziona.

Mukagwirizana, tengani hamala mulowe pansi. Gogodani tchesisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamagwira masipuling'i. Ikamalira ngati belu ilipo, ikamayankha ngati chigubu n'kumagwetsa makoko a dzimbiri, yapita. Kenako injini: ngati ndi ya dizilo chotsani mainjekita, ngati ndi ya petulo chotsani mapulagi, thiranimo oyilo wosakaniza ndi dizilo, dikirani sabata, muyese kuitembenuza ndi chitsulo. Ikatembenuka, muli ndi poyambira. Mufufuzenso bulubuku, chifukwa popanda mapepala mudzakonza chinthu chongoyenda pabwalo panu.

Koma ngati mukuganiza zoti muzikanyamulira fodya n'kumapeza phindu, iwalani. Imamwa mafuta ngati ng'ombe ya m'chilimwe, sipeya ndi wosowa, ndipo ka Dyna ka mnzanu kadzapita ku okushoni ya fodya ku Chinkhoma kawiri inu musanafike kamodzi. Woikonza aikonze chifukwa choikonda, ali ndi ndalama zoti sadzaziliranso.

Mukasankha kugulitsa, musalole a sikelo aitenge yonse pa mtengo wa chitsulo chakutha. Giyabokosi ndi difu muzitsatse padera kwa amakaniko akale. Masipuling'i amawafuna osula nkhwangwa ndi zikwanje, chitsulo chake n'chabwino kwambiri, ndipo ekiselo ndi malimu opanga ngolo angakupatseni mtengo woposa wa pa kilo. Chizindikiro cha pamphuno chija, chinyama chamapiko, muchotse ndi manja anu musanaitane aliyense, chifukwa ndicho chimayamba kusowa. Nkhukuzo muzipezeretu pena poikira. Ngati ilipo yofungatira, ogulawo adikire iswe kaye, imeneyo sichoka mwaulemu.